Kambuzi ka a Belmiro m'Miyala ya Lisbon

Alamu anga a Belmiro anagwira ntchito muno mu Lisbon zaka zoposa makumi atatu, koma mukanawafunsa kuti madenga a mzindawu ndi amtundu wanji akanangokanda m'mutu. Iwo mzinda anaudziwira pansi. Anali mmodzi wa amuna aja mumawaona atakhala pa kampando kafupi m'mbali mwa msewu, nyundo kudzanja ili, kamwala kudzanja linalo, akusema ndi kuyala timiyala toyera ndi takuda timene tonsefe timapondapo n'kumatukwana mvula ikagwa chifukwa choterera. Ngakhale pa ukwati wawo analowa m'tchalitchi maso ali pansi, ndipo potuluka anauza wansembe kuti miyala ya pakhomopo inayalidwa ndi munthu waulesi.

Kwathu ndi kumapiri a ku Beira, chigawo cha dziko lomwe lino, kamudzi kamene mbuzi n'zochuluka kuposa anthu. A Belmiro anakwatira akulu anga, a Odete. Atapeza ntchito mumzinda, achemwali anatsala kumudzi ndi mbuzi zawo, kukama ndi kuumba tchizi, ndipo amuna awo ankangobwera pakutha pa mwezi ndi pa masiku a zikondwerero. Ine Filomena ndinabwera kuno ndili mtsikana kudzagwira ntchito m'nyumba za anthu, ndipo sindinabwererenso. Choncho Lamlungu lililonse alamu ankadya kwanga, atanyamula thumba la malaya afumbi loti ndiwachapire. Ndinachapa malaya amenewo mpaka manja kuchita zikang'a, ndipo zikomo wake ndikumudikirabe mpaka lero.

Oyala miyala ali ndi kachizolowezi kawo. Munthu akamaliza malo amene wawakonda, amabisa kachizindikiro kake pakona ina: wina kanyenyezi, wina katsamba, wina kamtima. Kapitao amaona, koma amayang'ana kumbali. A Belmiro ankati iwo anaika kambuzi, ndipo kambuziko kanali ndi nkhani yake.

Tsiku limene anabwera koyamba kwathu kudzalankhula ndi bambo za a Odete, anavala chipewa chatsopano cholukidwa ndi udzu. Anachivula mwaulemu n'kuchikoleka pampanda asanalowe m'nyumba. Potuluka anapeza mbuzi ya achemwali ikumalizira kutafuna, kansalu ka chipewacho kali lende kukamwa. Tonse tinadikira kuti aitema ndi mwala. Iwo anangowerama n'kuifunsa kuti, "Chakoma?" Achemwali anaseka mpaka kukhala pansi, ndipo amati mtima wawo unavomera pamenepo, bambo asananene chilichonse.

Chaka chawo choyamba mumzinda, alamu anabwera kumudzi ndi uthenga woti mbuzi ija tsopano ili mu Lisbon, yamiyala yakuda, ndipo mzinda wonse ukuipondaponda kubwezera chipewa chija. Malo ake sanauze munthu. Ine ndinawafunsa kambirimbiri, mbale ya nsomba ndi mbatata ili patsogolo pawo.

"Alamu, mumadya chakudya changa, koma kundiuza pamene pali mbuzi mukukana?"

"Si mbuzi yanu, alamu. Mwiniwake akadzabwera, inunso mudzaiona."

Mwiniwakeyo sanabwere. Mbuzi zamoyo zimafuna kukamidwa m'mawa ndi madzulo, sizidziwa tchuthi. Kenaka amayi anadwala nthawi yaitali, kenaka ana, kenaka adzukulu. Chaka chilichonse kunali "chaka chamawa". A Belmiro maondo anawakanika, anapuma pantchito n'kubwerera kumudzi, ndipo kambuzi kaja kanasanduka nthabwala ya kumalo omwera khofi. Munthu akalonjeza chinthu chokayikitsa, anzake ankati adzachiona tsiku limene adzaone mbuzi ya Belmiro.

Ndiye maso a achemwali anayamba kufa. Poyamba ankalephera kulowetsa ulusi pasingano, kenaka anayamba kupereka moni kwa anthu ndi maina olakwika. Dokotala wa maso sanabise. Anati pakati pa diso pakuzima pang'onopang'ono, ndipo palibe mankhwala obwezera zimene zapita. Achemwali sanalire pamaso pa anthu. Anapereka mbuzi zawo kwa mnansi, n'kundiimbira foni mu Malichi, nyengo yozizira ya kuno isanathe.

"Mena, yanika zofunda. Ndikubwera kudzaona mbuzi yanga maso asanatseke."

Ndinayanika zofunda, ndinazipindanso, ndinaziyanikanso. A Belmiro anali ndi zifukwa zosatha. Mbatata sizinabzalidwe. Bondo latupa. Mumzinda mukugwa mvula, miyala ikuterera. Mitengo inachita maluwa, matcheri anapsa, iwo akuwiringulabe. Ine ndinkadziwa chimene chinkawadya. Misewu yathu inakumbidwa kangapo konse chichokereni iwo, ya mipope, ya nthambo, ndipo malo ena miyala anaichotseratu n'kuikapo simenti. Alamu ankaopa kukaimika mkazi wawo pamalo opanda kanthu. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinapsa nawo mtima, chifukwa maso a m'bale wanga sankadikira mbatata. Mapeto ake achemwali anatenga ndodo ndi chikwama n'kunena kuti akwera sitima okha. Alamu anawatsatira akung'ung'udza. Unali mwezi wa Juni, nyengo ya chikondwerero cha kuno, mzinda wonse ukununkhira nsomba zootcha.

M'mawa wa tsiku lotuluka ndinaona zimene sindinaonepo. A Belmiro, munthu amene moyo wake wonse ankanyoza alendo odzaona malo kuti amaima pakati pa njira kukamwa kuli yasa, anasanduka mlendo wamkulu kuposa onse.

"Mayi inu, mwabwera ku likulu koyamba, ndiye tithamangire mbuzi? Anthu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzakwera tramu yachikasu ija, kasitima koyenda mumsewu. Tiyambe ndi imeneyo."

"Inu munakwerapo?" anafunsa achemwali.

"Ine? Ndinali pantchito ine."

Tinaima pamzere wautali pakati pa anthu a zinenero zonse. Mayi wina wogulitsa zipewa anawalankhula alamu m'Chingerezi, ndipo iwo m'malo mokwiya anagula chipewa chaudzu n'kuchivala pomwepo. Achemwali anachigwiragwira ndi manja n'kuwachenjeza kuti asachikoleke pampanda. Tramu inabwera ikulira zitsulo, tinapanikizana momwemo, ndipo munthu wina anawapatsa achemwali mpando wa pawindo. Anatulutsa nkhope kuti mphepo iwaombe. Pokhota, makoma a nyumba ankadutsa pafupi moti akanatha kuthyola duwa pawindo la munthu, ndipo ankaseka ngati mtsikana. Alamu anaima pambali pawo maso ali pansi, kudzera pa zenera.

"Taonani mipata iyo. Mukhoza kulowetsamo chala. Anawaphunzitsa ndani anthu amenewa?"

"Alamu, kwezani mutu. Mwalipira kuti muone mzinda, osati kuti muyendere ntchito."

Titatsika anati tikwere ku linga lakale la pamwamba pa phiri. Tinakwera pang'onopang'ono, wina wa maondo, wina wa maso, ine wa mtima wapachala pakati pawo. Pamwamba achemwali anagwira khoma lofunda ndi dzuwa, nkhope atalozetsa kumtsinje.

"Ndi waukulu eti," anatero. "Ukuwala."

Titachoka kumeneko alamu anakumbukira kuti munthu sangachoke mu Lisbon asanadye timakeke tamazira totentha totchuka kuno. Tinadya. Kenaka anati pali tchalitchi china chimene akazi awo ayenera kumvamo kuzizira kwake. Tinalowa. Potuluka anayamba kunena za boti lowolokera kutsidya la mtsinje. Apo ine zinandikwana. Ndinawakhazika achemwali pabenchi n'kuwakokera alamu pambali ndi mkono wa malaya.

"Alamu, dzuwa lapendeka. Mukufuna kutizunguza mpaka liti?"

"Ndikungofuna aone mzinda."

"Bodza limenelo mukawauze anzanu a kumalo omwera khofi. Ine ndinakuchapirani malaya, ndikudziwani."

Anavula chipewa chija n'kuyamba kuchizunguliza m'manja. Mawu atatuluka anali aang'ono.

"Bwanji ngati palibe? Zaka zonsezi ndinkamusiya yekha ndi ana ndi mbuzi. Chimene ndinali nacho chomuuza kuti ndinkamuganizira kuno ndi chimenecho basi. Ndikamufikitsa pa simenti, ndidzamuuza chiyani?"

Ndisanayankhe, mawu anachokera pabenchi paja. Ndinali nditaiwala kuti maso akamachepa makutu amakula.

"Belmiro, ngati pali simenti ndikaima pa simentipo, inu mundiuze kuti panali apa. Koma tiyeni, miyendo yanga si ya mlendo wa kutsidya kwa nyanja."

Alamu sanatsutsenso. Anatsogola, ndipo ulendo uno sanafunse munthu njira. Tinalowa m'tinjira tothina ta dera lakale la Alfama, kukwera masitepe, kutsika ena, pansi pa zovala zoyanikidwa ndi timapepala tamitundumitundu ta chikondwerero. Malo amenewa ndimadutsako popita kumsika, ndipo ndinadabwa ataima pa kabwalo kena kakang'ono kumbuyo kwa katchalitchi, pamene ndinapondapo kosawerengeka. Pakona pake pali mpopi wakale wamwala wokhala ndi chomwera ziweto, wouma kalekale.

"Ndinaiika pafupi ndi madzi," anatero alamu. "Mbuzi siikhala kutali ndi madzi."

Miyala inalipo, yoyera ndi yakuda, osati simenti. Koma kabwalo konse kanali katadzaza matebulo a malo odyera, ndipo pafupi ndi mpopi paja panakhala alendo awiri aatali, ofiira ndi dzuwa, akulimbana ndi minga ya nsomba. Mwini malowo, mayi wa epuloni yothimbirira ndi utsi, anatithamangira ndi pepala la zakudya akulankhula Chingerezi. Chipewa cha alamu ndi chimene chinamupusitsa.

"Tilankhuleni chathu, mayi, tinabadwira m'dziko lomwe lino," ndinatero. "Tikufuna tebulo ilo lisunthe."

"Matebulo ena alipo, amayi. Pamenepo pali anthu."

"Sitikufuna tebulo. Tikufuna mbuzi ili pansi pake."

Mayiyo anandiyang'ana ngati ndamwa vinyo wa m'mawa. Ine sindinadikire. Ndinapita kwa alendo aja, ndinamwetulira mmene ndikanathera, ndinaloza pansi, n'kugwira tebulo mbali imodzi. Kaya anaganiza kuti ndi mwambo wa kuno, kaya anachita mantha, mwamunayo anagwira mbali inayo, mkazi wake atanyamula matambula m'manja.

Kanalipo. Kambuzi kakuda kotalika ngati mkono wa munthu, nyanga zake, kamchira kake koimirira, pakati pa miyala yoyera. Pamsana pake panali chizindikiro cha mwendo wa tebulo ndi kachidutswa ka buledi. A Belmiro anawerama n'kuchotsa buledi uja ndi chala. Ine, amene ndinatsala pang'ono kukhulupirira za anthu a kumalo omwera khofi, ndinamva manyazi ndi chimwemwe nthawi imodzi.

"Odete, ndi iyi. Ili pamapazi panu."

Achemwali anayang'ana pansi. Anapendeketsa mutu uku, anapendeketsa uko, monga ankachitira akafuna kuona chinthu ndi m'mbali mwa diso. Kabwalo kanali kale mumthunzi wa nyumba. Mlendo wamkazi uja anazindikira, anayatsa nyali ya foni yake n'kuunika pansi, koma miyala yosalala ija inangonyezimira.

"Sindikuiona," anatero achemwali.

"Ndi mthunziwu," alamu anafulumira. "Ndi ine ndakuchedwetsani ndi ma tramu anga. Tibwera mawa masana, dzuwa lili pamutu."

"Musadzivute, Belmiro. Ngakhale pamwamba pa linga paja, dzuwa lili phwee, nkhope yanu sindinaione. Mtsinje ndinaudziwa chifukwa ndi waukulu. Mu Malichi muja mwina ndikanaiona. Lero ayi, mawanso ayi."

Sananene mokalipa, ndipo n'chifukwa chake zinapweteka kwambiri. Alamu anaima manja ali lende, munthu wamkulu misozi ikutsikira m'ndevu pamaso pa alendo. Ine ndinafuna kuwakalipira chifukwa cha mbatata zawo zija, koma nditaona misoziyo ndinawaleka.

Achemwali anandipatsa ndodo yawo. Anagwira m'mphepete mwa chomwera chija n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono mpaka maondo anafika pansi.

"Achemwali, mudetsa diresi."

"Uchapa ndiwe, unazolowera. Belmiro, ndipatseni dzanja. Ndiikeni pamene pali mutu wake. Ndisaione, koma ndiisisite."

Alamu anagwada nawo, maondo akulira, n'kuika dzanja la akazi awo pamiyala. Dzanja lija linakhala phee kanthawi. Kenaka zala zinayamba kuyenda zokha, osatsogoleredwa. Zinakwera, zinakhota, zinabwerera.

"Izi ndi nyanga," anatero achemwali.

Alamu anatutumuka. Anapititsa chikhatho chawo pamiyala ija, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha. Mwala woyera ndi wofewa, wakuda ndi wolimba. Iwo anaiyala yonse mofanana, yosalala ngati tebulo, monga mwa ntchito yawo. Koma mapazi a anthu a mzinda uno ndi a alendo onse aja amene ankawanyoza anadya miyala yoyera pang'onopang'ono zaka zonsezi, yakuda n'kutsala itatukuka pang'ono. Ndi nsapato simungamve. Zala zimene zinakama mbuzi moyo wonse zinamva.

"Msana uwu. Mwaupinda kwambiri, mbuzi yanga sinali yokalamba chonchi. Mchira. Mwendo, mwendo, mwendo." Anafufuza uku ndi uku. "Belmiro, wachinayi uli kuti?"

"Kapitao anatulukira."

"Zaka zonsezi mumanyadira mbuzi yolumala?"

Mwini malo uja anaseka chikhakhali, n'kuyamba kufotokozera alendo aja m'Chingerezi chake. Koma zala za achemwali zinali zitabwerera kumutu, ndipo zinaima kutsogolo kwa kamwa. Panali timiyala tina takuda tozungulira, tokhala ndi kamlomo m'mbali. Ine ndinali nditationa, koma ndinkayesa kuti ndi pamene alamu analakwitsa.

"Nanga ichi chili kukamwachi n'chiyani?"

Alamu anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya.

"Simukuchidziwa? Munachiseka mpaka kukhala pansi."

Achemwali anachizungulira ndi chala kamodzi, kawiri. Za chipewa chimenechi amuna awo anali asanawauzepo, anachisunga kuti adzachipeze okha. Anayamba kuseka, kuseka kuja kwa tsiku lija pampanda, ndipo pakati pake kunasanduka kulira, kenaka kusekanso. Anakhaliratu pansi pamiyala, dzanja limodzi pa kambuzi, linalo litagwira khutu la amuna awo ngati akuwalanga. Ine ndinalira poyera, ndipo sindikupepesa.

Tinawadzutsa onse awiri movutikira, mlendo wamtali uja akuthandiza. Mwini malo anabweza tebulo, koma analiika chapambali pang'ono, ndipo anatikhazika ife pamenepo, alendo aja n'kuwasamutsira pena. Anabweretsa nsomba zootcha pa buledi ndi vinyo, akudandaula kuti wakhala akusesa pamenepo zaka zambiri osadziwa kuti akuweta chiweto. Achemwali anavula nsapato imodzi n'kuika phazi pamsana pa kambuzi kaja.

"Chaka chamawa tibweranso," anatero. "Iyi siifuna maso. Ndipo mukadzayamba za mbatata zanu, ndidzabwera ndi Mena."

"Zofunda muziyanika nokha," ndinatero.

Anadya nsomba yawo ndi manja, akuchotsa minga mwaluso kuposa ife openya. Kenaka anatchera khutu kumwamba, kumene kunkamveka timbalame ndi mawu a wailesi.

"Belmiro, pansi ndapamva ndekha. Kumwambaku kuli chiyani?"

Alamu anayang'ana ine kuti ndiyankhe. Ndinapitiriza kutafuna buledi wanga. Ndiye anakankhira chipewa kumbuyo, anagwira khosi lawo louma lija, n'kukweza mutu.

"Kuli mayi wokalamba pawindo, akutiyang'ana. Wayanika malaya abuluu ndi masokosi. Pamwamba pake pali anamzeze, ambiri, akuzungulira belu la tchalitchi." Anaima kaye. "Odete, madengawa ndi ofiira. Onse, mpaka kumtsinje."

"Pitirizani," anatero achemwali. "Musathamange. Mayiyo wavala chiyani?"